Liwu limodzi la m'loto ndi malo omangapo tchalitchi: lipoti la nkhani ya mpingo wina ku Chigwa cha Shire

Ndikulemba lipotili monga mbusa amene ndimayang'anira mpingo wina m'boma la Nsanje, kummwera kwa Bangula, umene m'chaka cha 2022 udayenera kusankha malo omangapo tchalitchi chatsopano, chakale chitagwa ndi madzi. Mayina a anthu, a mudzi ndi a mpingo ndawasiya dala, popeza ambiri okhudzidwa ali moyo ndipo mabala a ena sadapoleretu. Akulu a mpingo pamodzi ndi mayi amene nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri adavomera kuti ilembedwe, n'cholinga choti ithandize abusa, alaliki ndi akulu a mipingo amene amalandira mawu akuti "Mulungu wandiuza" pa nthawi imene mpingo uli pamphambano.

Mpingo ndi malo ake

Mpingowu uli kufupi ndi mtsinje wa Shire, pamalo athyathyathya pamene munthu akaima saona chitunda mpaka maso atakafika kumapiri a kumadzulo. Akhristu ake amalima mapira, mchewere, thonje ndi chitowe kumunda, koma chimene chimawadyetsa kwenikweni ndi dimba, kumene amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa. Izi ndikuzitchula chifukwa munthu wakutali amafulumira kunena kuti anthu a kuchigwa angosamukira kumtunda, osadziwa kuti kumtundako mvula ndi yochepa, dzuwa limapsereza mbewu, ndipo nthaka yachinyontho ili komwe kuli ngoziko. Tchalitchi chakale chidali cha njerwa zootcha zomangira dothi, chofolera malata, ndipo kumbuyo kwake kuli manda a anthu amene adayambitsa mpingowo. M'Januwale 2015 madzi adafika m'mawindo, koma chidaima. M'Malichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai, makoma adang'aluka. Kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana adagwetsa makoma awiri denga n'kutsamira pansi, ndipo namondwe wa Gombe atadutsa m'Malichi chaka chomwecho padalibenso choti n'kukonza. Anthu atabwerera kuchokera kumsasa wa pasukulu, tidayamba kupemphera pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi mulu wa njerwa zogumuka.

Pali chinthu china chimene mtumiki wa kuchigwa kuno ayenera kuchidziwa. Anthu a kuno akhala akulemekeza uthenga wodzera m'maloto ndi m'kamwa mwa olosera kuyambira kale, Uthenga Wabwino usadafike, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma lomweli, ndi umboni wa mwambo umenewu. Choncho mawu akuti "ndalota" sapepuka m'makutu mwa Mmang'anja kapena Msena, ngakhale akhale Mkhristu wa zaka zambiri. Ulemu umenewu uli ndi ubwino wake, chifukwa anthu athu sakayika kuti Mulungu amalankhula, koma umachititsanso kuti loto likangotchulidwa pagulu, anthu achite mantha kulifunsa mafunso.

Chiyambi cha nkhani

M'mawa wina mu Epulo 2022 kunyumba kwanga kudabwera mayi wamasiye wa zaka zopitirira 60, mtsogoleri wa mapemphero a amayi a Lachinayi, munthu amene mpingo wonse umamudziwa kuti sanama ndipo sakonda kuonekera. Adagwada pakhonde, ndipo titapatsana moni adati: "Abusa, usiku utatu wotsatizana ndalota ndili pabwinja la tchalitchi chathu, madzi atazungulira, ndipo ndamva mawu akuti malo ano tisawasiye." Ndidapemphera nawo, ndidawathokoza, iwo n'kubwerera kwawo. Sindidalembe chilichonse, sindidawafunse kuti adaona chiyani china, ndiponso sindidaitane mkulu wa mpingo aliyense kuti adzamve nawo.

Lamulungu lotsatira ndidalengeza lotolo pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ndidaliphatikiza ndi Yesaya 43:2, pamene Yehova akulonjeza kukhala ndi anthu ake powoloka madzi. Anthu adalulutira, ena adalira, ndipo anyamata adalonjeza kuyamba kuumba njerwa sabata yomweyo. Apa ndi pamene ndidalakwa, ndipo zambiri zimene zidatsatira zidachokera pa cholakwa chimenechi. Ndikayang'ana m'mbuyo ndikuona kuti mawuwo ndidawalandira msanga chifukwa adandipeputsira katundu: ndalama zogulira malo ena tidalibe, anthu adali ofooka atataya mbewu ndi ziweto, ndipo ine ndidali wotopa ndi maliro komanso ndi matenda a kolera amene adali atayamba kumveka m'boma lathu. Mawu amene agwirizana ndi chimene mbusa akufuna kale ndiwo ayenera kuyesedwa koposa, koma ine ndidawadutsitsa osawayesa konse.

Pasadathe masabata awiri anthu ena asanu adabwera ndi maloto ofanana nalo. Wina adalota tchalitchi chachikulu chitaima pamalo omwewo, wina adalota madzi akubwerera m'mbuyo atafika pamanda. Ine ndidawawerenga onsewa ngati mboni, ndikukumbukira kuti Malemba amati nkhani itsimikizike pakamwa pa mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo mtima wanga udakhazikika.

Mu Meyi, pabwalo la akulu a mpingo, mkulu wina amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi adaimirira n'kunena kuti nayenso wakhala akusala kudya ndi kupemphera, ndipo mtendere umene waupeza ndi woti mpingo usamuke. Adawerenga Mateyu 7:24-27 za munthu womanga pamchenga, kenaka adati ali ndi malo kufupi ndi msewu waukulu amene angagulitse ku mpingo pamtengo wotsika. Kuyambira tsikulo mpingo udagawika. Ofuna kukhala adayamba kudzitcha a chikhulupiriro n'kumatcha anzawo a mantha, pamene ofuna kusamuka ankati enawo akutsata maloto a amayi m'malo mwa nzeru. Chopereka chidatsika, ndipo kumjigo amayi ena adasiya kupereka moni kwa akazi a mphunzitsiyo. Mbali zonse ziwiri zidali kupemphera moona mtima, ndipo mbali iliyonse idali ndi vesi lake.

Pamene zinthu zidatembenukira koyamba

Nditaona kuti zandikulira, ndidakwera basi kupita ku Ngabu kukaonana ndi abusa ena okalamba amene adapuma pa utumiki. Adandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenaka adafunsa kuti: "Mwana wanga, asanu enawo adalota musadalengeze kapena mutalengeza kale?" Ndidayankha kuti onse adalota nditalengeza. Iwo adati: "Ndiye muli ndi mboni imodzi ndi anthu asanu amene adakumverani bwino ulaliki." Adafunsanso ngati mawu a mayiwo ndidawalemba monga momwe adatulukira pakamwa pawo, ndipo nditavomera kuti ayi, adapukusa mutu n'kunena kuti loto likadutsa m'kamwa mwa anthu atatu limafika litavala malaya ena. Sadandiuze kuti timange pati, ngakhale ndidawapempha kawiri. Adangonditsegulira Machitidwe 21 n'kunditumiza kuti ndikawerenge ndekha.

Mutu umenewu udandithandiza kuposa china chilichonse. Ku Turo ophunzira adauza Paulo mwa Mzimu kuti asapite ku Yerusalemu, ndipo ku Kaisareya mneneri Agabo adadzimanga ndi lamba wa Paulo kusonyeza kuti adzamangidwa kumeneko. Abale atamva izi adamudandaulira kuti asapite, koma iye adapitabe, ndipo adamangidwadi. Chimene Agabo adaonetsedwa chidali choona, pamene uphungu wakuti asapite udali wa abale amene adamva, wochokera m'chikondi chawo. Ndidazindikira kuti pa mawu aliwonse otere pali zimene munthu waona kapena kumva, pali tanthauzo limene waziveka, ndiponso pali chochita chimene ife omva tatengapo, ndipo munthu angathe kulondola poyamba paja n'kuphonya pawiri potsatirapa popanda kukhala wonama. Kufikira tsikulo ndinkaganiza kuti ndiyenera kusankha pakati pa kukhulupirira mayiwo ndi kuwakana.

Zimene tidachita ndi zifukwa zake

Choyamba ndidavomereza cholakwa changa pabwalo la akulu, kenaka pamaso pa mpingo wonse. Ndidanena momveka kuti mayiwo sadalakwe pobweretsa loto lawo kwa mbusa, koma kuti ine ndidalakwa polilengeza lisadayesedwe, pamene 1 Akorinto 14:29 imalamula kuti aneneri akalankhula ena azindikire, ndipo 1 Atesalonika 5:19-21 imatiletsa kunyoza maulosi komanso imatilamula kuyesa zonse. Akulu ena adandiletsa kuti mbusa sapepesa pagulu, koma ndidaona kuti ndikapanda kutero, kuyesa kulikonse kudzaoneka ngati kuzenga mlandu mayi wamasiye.

Bwalo lidagwirizana kuti kuumba njerwa kupitirire, popeza njerwa zidzafunika kulikonse kumene tingamange, koma maziko asakumbidwe mpaka kumapeto kwa Julaye. Lidagwirizananso kuti aliyense wokhala ndi loto, masomphenya kapena mawu asawanene pagulu, koma apite kwa akulu awiri osankhidwa, mmodzi wa mbali iyi ndi wina wa mbali inayo, amene adzalemba mawuwo m'kope pamodzi ndi tsiku lake, n'kumufunsa mwiniyo zimene adali atamva kale. Aphunzitsi aja tidawapempha kuti azituluka nkhani ya malo awo ikamakambidwa. Izi zidawapweteka, ndipo adandifunsa ngati ndikuwaganizira za dyera. Ndidawayankha kuti: "Aphunzitsi, sindikukayika mtima wanu, koma inenso mtendere wanga udanditsogolera ku chimene chidali chopepuka kwa ine. Munthu amene adzalandira ndalama pa chigamulo sangadziwe bwino ngati mtendere wake ukuchokera kwa Mzimu kapena kuthumba." Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adavomera.

Pofuna umboni wosaipitsidwa, tidalembera mipingo iwiri yakutali, wina ku Chikwawa ndi wina kumapiri a Thyolo, kuwapempha kuti atipempherere pa chigamulo chachikulu, osawauza za loto kapena za mbali ziwirizo. Mpingo woyamba udayankha kuti wapemphera ndipo sudalandire mawu aliwonse apadera, yankho limene ndidalilemekeza kwambiri chifukwa kukadakhala kosavuta kutipangira mawu otisangalatsa. Wachiwiri udatumiza Yakobo 1:27, za kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo. Vesili tidalisunga osalitsamira kwambiri, chifukwa ndi lodziwika ndipo aliyense wopempherera anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira angathe kulikumbukira.

Lachitatu lililonse madzulo tidawerenga pamodzi mavesi amene mbali ziwirizo zinkamenyerana nawo, kuyambira kumayambiriro kwa mutu mpaka kumapeto. Tidapeza kuti Yesaya 43 sakulonjeza kuti madzi sadzabwera, koma kuti Mulungu sadzasiya anthu ake akamadutsa m'madzimo, ndiponso kuti Mateyu 7 akunena za kumva mawu a Yesu ndi kuwachita, osati za malo omangapo nyumba ya njerwa. Mbali iliyonse idataya chibonga chake, ndipo zimenezi zidathandiza kuti anthu ayambe kumverana. Anyamata ena adapempha kuti tiike chizindikiro monga Gideoni adaikira ubweya padwale, mwachitsanzo kuti uvuni wa njerwa ukapsa bwino ndiye kuti tikhale. Ndidakana, chifukwa pa Oweruza 6 Gideoni adali atauzidwa kale chochita ndipo ubweya udali wochiza mantha ake, komanso chifukwa kupsa kwa njerwa kumadalira nkhuni ndi luso la wootcha.

Kenaka tidayenda ndi miyendo yathu. Bwalo lonse lidapita kubwinja limodzi ndi msodzi wina wokalamba amene si wa mpingo wathu. Iye adatiimika patsinde la mlambe umene uli pafupi ndi manda n'kutiloza ndi ndodo pamene madzi adafika mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022, ndipo adatisonyeza ngalande zakale zimene kale zinkapititsa madzi kudambo koma tsopano zakwiririka ndi mchenga. Adati madzi akasowa njira yawo amadzipezera ina, ndipo njira yatsopanoyo ikudutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi. A komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi adatiuzanso kuti uphungu wa boma ndi woti nyumba zosonkhanamo anthu zimangidwe pokwera, kuti zizitha kusunga anthu pa nthawi ya ngozi. Ofuna kusamuka adayamba kumwetulira, koma tsiku lotsatira tidapita kumalo a aphunzitsi aja, ndipo tidapeza kuti ali m'mbali mwa khwawa louma lotsika kumapiri a kumadzulo. Agogo ena okhala pafupi adatiyang'ana tikuyeza ndi mapazi, n'kungonena kuti madzi saiwala khwawa. Malo onse awiri amene anthu adali atawamva m'pemphero adalephera. Patapita masiku, anyakwawa a mudzi woyandikana nawo, atamva za vuto lathu, adapereka malo pachitunda china pamtunda wa makilomita pafupifupi atatu kuchokera kubwinja.

Ena adzafunsa ngati kuyang'ana mizere ya madzi pamlambe ndi gawo la kufunsira kwa Mulungu. Ine ndikuti ndi gawo lake ndithu. Yesu mwini adati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, ndipo Mulungu amene amalankhula m'maloto ndi yemweyo amene adaika mtsinje pamalo pake n'kupatsa msodzi maso ouwerenga.

Pamene zinthu zidatembenukira kachiwiri

Pofika pamenepa mtima wanga udali utapita kumbali ina, ndipo ndidali wokonzeka kutaya lotolo ngati chisoni chabe cha mayi amene amuna awo agona m'manda a kumbuyo kwa tchalitchi. Uku kukadakhala kulakwa kwachiwiri kofanana ndi koyamba, kukana mopupuluma monga ndidavomerera mopupuluma. Chimene chidandibweza ndi lamulo lathu lomwe lija lakuti mawu onse alembedwe, popeza loto loyambalo lidali lisadalembedwebe.

Tidapita kunyumba kwawo ndi akulu awiri aja, ndipo tidawapeza akupeta mchewere. Adayala mphasa pamthunzi, ife n'kukhala. Ndidati: "Amayi, tifotokozereninso pang'onopang'ono. Muyambe ndi zimene maso anu adaona, kenaka zimene makutu anu adamva, osaonjezerapo zimene mudaganiza mutadzuka." Iwo adaika lichero pansi n'kutseka maso. Adati adaona bwinja, madzi atazungulira, ndipo pamwamba pa mulu wa njerwa padali patakhala nkhalamba zingapo, ena adawazindikira n'kuwatchula mayina, mmodzi ali ndi ndodo yake pamiyendo. Mkulu wolembayo adafunsa kuti mawuwo adati chiyani. Iwo adati: "Musawasiye." Adafunsanso kuti: "Musawasiye malo ano?" Mayiwo adakhala kaye chete, kenaka adati: "Ayi, bambo. Liwu lidali limodzi lokha. Zakuti malo ano ndidaonjeza ndine, chifukwa ndidaona kuti ndaima pamalopo."

Tonse tidayang'anana. M'chinenero chathu liwu lakuti musawasiye lingathe kunena malo, lingathenso kunena anthu, ndipo kwa miyezi itatu mpingo udakangana pa tanthauzo limodzi popanda wina wofunsa za linalo. Nkhalamba za pamulu wa njerwa sizidatchulidwe n'kamodzi komwe, chifukwa ine sindidafunse tsiku loyamba lija. Sindidalengeze kuti tapeza tanthauzo lenileni, poti phunziro loyamba lidali likadandiwawa. M'malo mwake tidatuma mlembi wa mpingo ndi amayi awiri kuyenda khomo ndi khomo kulemba Akhristu amene sangathe kuyenda makilomita atatu kupita kuchitunda ndi kubwerera pa kutentha kwa kuno, makamaka m'Okutobala ndi Novembala. Adabwera ndi mayina 17: okalamba, olumala, osaona awiri ndi odwala matenda a mgonagona. Pa zokambirana zathu zonse za kusamuka padalibe amene adawawerengera anthu amenewa. Apa ndi pamene vesi la Yakobo lija lidayamba kulemera m'manja mwathu, osati palokha, koma chifukwa lidagwirizana ndi loto lolembedwa bwino, ndi mndandanda wa mlembi, ndiponso ndi chiphunzitso chodziwika cha Malemba onse chakuti ofooka asanyalanyazidwe.

Chigamulo

Bwalo la akulu 9 lidakumana kumayambiriro kwa Ogasiti 2022, mpingo wonse utasala kudya tsiku limodzi. Ndidapempha kuti alankhule kuyambira wamng'ono kufikira wamkulu, ine n'kukhala womaliza, kuopa kuti mbusa akayamba ena amangovomera. Akulu 8 adagwirizana, ndipo mmodzi adati mtima wake sudamasuke koma sadzatsekereza ntchito. Tidagamula kuti tchalitchi chimangidwe pachitunda, ndipo pabwinja pamangidwe chisakasa cha mitengo ndi udzu, chotsika mtengo, pamene padzikhala mapemphero Lamulungu lililonse masana ndi Mgonero wa Ambuye pa nthawi yake. Dzina lililonse mwa 17 aja lidapatsidwa mkulu kapena mayi woliyang'anira, pamodzi ndi mnyamata wa njinga kapena ngolo wodzamunyamula munthuyo chenjezo la madzi likamveka pa wailesi.

Tidakambirana nthawi yaitali za mawu olemba m'buku la maminitsi. Ena ankafuna kuti tilembe kuti Mulungu walamula. Ine ndidapempha kuti titsate chitsanzo cha msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15, umene udayamba wamva mbali zonse, maumboni ndi Malemba, kenaka n'kulemba kuti chidakomera Mzimu Woyera ndi iwo. Tidalemba kuti titapemphera, titawerenga Malemba ndi kufufuza, tikukhulupirira kuti umu ndi momwe Ambuye akutitsogolera, ndipo tidzaunikanso pakatha chaka. Chigamulo chimene chalembedwa kuti ndi lamulo la Mulungu sichingakonzedwe popanda wina kuoneka wopanduka, ndipo amene sadagwirizane nacho amasanduka mdani wa Mulungu m'maso mwa anzake.

Zimene zidatsatira

Si onse adakondwa. Mabanja 6 adachoka n'kukalowa mpingo wina, akunena kuti tagulitsa masomphenya. Mayi aja adasowa m'mapemphero pafupifupi miyezi iwiri, chifukwa anthu ena ankawanena kuti adasintha loto atakakamizidwa ndi abusa, pamene ena ankati adanama kuyambira pachiyambi. Ndidawayendera katatu. Ulendo wachitatu adandiuza kuti: "Abusa, mukadandifunsa bwino tsiku loyamba, sindikadanyozeka chonchi." Ndidalibe choyankha koma kuvomera. Adabwerera pamene akulu adawapempha kuti atsogolere nyimbo ndi mapemphero kuchisakasa. Aphunzitsi aja, ngakhale malo awo sadagulidwe, adalowa m'komiti yomanga ndipo ndiwo ankalemba ngolo iliyonse ya njerwa yopita kuchitunda. Pofika Febuluwale 2023 makoma adali ataima, ndipo theka la denga lidali litafoleredwa ndi malata owongola a tchalitchi chakale.

M'Malichi 2023 kudabwera namondwe wa Freddy. Chenjezo litamveka, anyamata adanyamula anthu 15 mwa 17 aja madzi asadafike. Awiri adakana kuchoka. Mmodzi adamutenga adzukulu ake usiku womwewo, koma bambo wina wokalamba adapezeka m'mawa mwake ali pamwamba pa nkhokwe, ndipo adapulumutsidwa ndi bwato. Adadwala chibayo, ndipo patapita masabata atatu tidamuika m'manda. Chisakasa chidakokoloka, khwawa lija lidadya mbali ya malo a aphunzitsi, ndipo tchalitchi chosathacho chidasunga anthu ambiri a m'midzi yozungulira, kuphatikizapo mabanja amene adatichokera. Ndidaletsa mwamphamvu kuti pasapezeke wowauza kuti tidakuuzani.

Atumiki anzanga, ndikupempha kuti Freddy musamuwerenge ngati chitsimikizo cha chigamulo chathu, ngakhale anthu ambiri mumpingo amamuwerenga choncho. Kukadapanda kubwera namondwe chaka chimenecho, chigamulocho chikadakhala cholondola chimodzimodzi, chifukwa chidaima pa zimene tidali nazo mu Ogasiti 2022. Mpingo ukazolowera kutsimikiza chifuniro cha Mulungu ndi zochitika za pambuyo, tsiku lina udzatcha wolungama wovutika kuti sadamve Mulungu, ndipo imfa ya bambo wokalamba uja idzasowa poiika. Chimene ndasintha mu utumiki wanga n'chakuti munthu akabwera ndi loto ndimatenga kope ndisadatsegule pakamwa, ndimaitana mkulu mmodzi kuti amve nawo, ndipo ndimadzifunsa ndekha chimene ndinkafuna munthuyo asadagogode. Sindiwerenganso maloto obwera pambuyo pa chilengezo ngati mboni, ngakhale eni ake ndimawalandira mwaulemu. Ndaonanso kuti anthu saleka kubweretsa mawu chifukwa choti akuyesedwa. Chichitikireni izi abwera ambiri kuposa kale, ena a iwo anthu amanyazi amene kale ankaopa kuti akangonena, mawu awo adzamveka paguwa.

Tidaunikanso chigamulocho mu Ogasiti 2023 monga tidalonjezera. Chimene chidapezeka sichidali chokondweretsa: chisakasa chidali chitamangidwanso, koma akulu adali atayamba kujomba kumapemphero a masana, ndipo Lamulungu lina nkhalamba zidadikira mpaka dzuwa kupendeka popanda wolalikira. Amene adadzutsa nkhaniyi pabwalo ndi mayi omwe aja, amene adapempha kulowa, adagwada, n'kutikumbutsa liwu limodzi lija. Tidakonza ndandanda yatsopano ya olalikira ndipo ine ndidadziikapo kamodzi pamwezi. Kutsika kwa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakweza mtengo wa simenti, kotero kuti pansi pa tchalitchi cha pachitunda mpaka lero timazira ndi dothi. Mndandanda uja tsopano uli ndi mayina 14, atatu atsopano ndi ena akale, ndipo mlembi amauwerenga dzina ndi dzina pa msonkhano uliwonse wa akulu, woyang'anira aliyense n'kunena tsiku limene adafika komaliza pakhomo la munthu wake.